Khansa ndi selo lokana kufa, ndipo ife tikulithandiza ndi nshawa za cuku

Pa tsamba lino la zaumoyo timakonda kukamba za kupulumutsa moyo. Lero ndifuna tikambirane za imfa, koma imfa yabwino, imene ikucitika m'thupi mwanu ngakhale tsopano lino pamene mukuwerenga nyuzipepala ino. Ndili ndi dandaulo pa kasungidwe ndi kadyedwe kathu ka nshawa ndi cimanga kuno kum'mawa, ndipo dandaulo langali silingamveke bwino tisanamvetse za imfa imeneyi. Conco mundipirire pang'ono, ku nkhokwe tifikako.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizinthu tating'onoting'ono tochedwa maselo, monga mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kusiyana kwake ndi kwakuti njerwa za thupi ndi zamoyo. Zimadya, zimagawikana kuti zicuruke, ndiponso zimafa. Selo lingafe m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya ngozi, monga munthu akapsa ndi moto kapena akalumidwa ndi njoka ya mphiri. Apo selo limatupa ndi kuphulika, za m'kati mwake zimatayikira pa anzake, ndipo malowo amatupa, kutentha ndi kupweteka. Njira yaciwiri ndi yakacetecete. Selo limalandira lamulo lakuti nthawi yake yakwana, ndipo limadzipha lokha mwadongosolo: limafota, limadziduladula m'timaphukusi, kenaka maselo ena amabwera kudzameza timaphukusito. Palibe kutupa, palibe ululu, mwini thupi sadziwa kanthu. Mwa munthu wamkulu maselo oposa 50 biliyoni amafa motere tsiku lililonse, ena atsopano ndi kulowa m'malo mwao.

Mu 1972 akatswiri atatu, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, pa yunivesite ya Aberdeen ku Scotland, anapatsa imfa imeneyi dzina lakuti apoptosis. Ndi liu la Cigiriki lonena za kuyoyoka kwa masamba a mtengo. Dzinali analisankha bwino. Mtengo ukamayoyola masamba m'cilimwe sitinena kuti wadwala, timadziwa kuti ukudzikonzera nyengo.

Zitsanzo zake timaziona koma sitizilabadira. Mbululu, ana a acule, zimakhala ndi mcira, ndipo pamene zikusanduka acule mcirawo suduka ai, umangozimirira cifukwa maselo ake alamulidwa kufa. Mwana ali m'mimba mwa amai ake, dzanja lake limayamba ngati cipalasiro copanda zala. Maselo a pakati pa zala akafa mwa lamulo, m'pamene zala zisanu zimaoneka. Mwana amene wabadwa ndi zala ziwiri zomatana sanalodzedwe, ndipo amai ake sanalakwire mwambo uliwonse: maselo a pakati pa zalazo ndi amene sanafe pa nthawi yake. Ngakhale mai akaletsa mwana kuyamwa, mabere amabwerera m'malo cifukwa maselo ambiri opanga mkaka amafa mwa njira yomweyi.

AMENE AMAPEREKA LAMULO

Lamulo limeneli limacokera ku majini. Apa ndiime pang'ono, cifukwa liu limeneli limasokoneza anthu. Majini amene ndikunena pano si mizimu ija imene ena amati imagwira anthu. Ndi liu lobwereka, ndipo limatanthauza malangizo olembedwa m'kati mwa selo lililonse, amene tinalandira kwa atate ndi amai athu. Malangizowo analembedwa pa ulusi wautali wochedwa DNA, ndi malembo 4 okha: A, C, G ndi T. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000. Jini iliyonse imauza selo mmene lingapangire puloteni ya mtundu wake, ndipo mapuloteniwo ndiwo anchito enieni a m'selo.

Cimene cinaulula cinsinsi ca majini olamula imfa ndi kanyongolotsi ka m'dothi kochedwa Caenorhabditis elegans, kotalika milimita imodzi yokha. Sydney Brenner, wobadwira ku Germiston ku South Africa, ndiye anakasankha kuti kakhale kophunzirirapo ku Cambridge, cifukwa thupi lake ndi loonekera m'kati ngati botolo. Mnzake John Sulston anakhala pa makina oonera tinthu tating'ono kwa zaka zambiri, kuwerenga selo limodzi limodzi pamene kanyongolotsi kakukula. Anapeza kuti kamapanga maselo a thupi 1,090, koma 131 mwa iwo amafa, ndi kutsala 959. Codabwitsa cinali cakuti amene amafa ndi omwewo nthawi zonse, pa malo omwewo ndi pa nthawi yomweyo, m'kanyongolotsi kalikonse. Cinthu cocitika molongosoka cotere sicingakhale ngozi. Panayenera kukhala wina wolamula.

Robert Horvitz ndi ophunzira ake ku America anawapeza olamulawo. Mu 1986 anaonetsa kuti pali majini awiri, ced-3 ndi ced-4, amene akaonongeka maselo 131 aja safa, amangokhala. Mu 1992 analengeza za jini yacitatu, ced-9, imene nchito yake ndi yosiyana: iyo imaletsa imfa. Ikaonongeka, maselo oyenera kukhala ndi moyo amafanso, ndipo kanyongolotsi sikakula. Conco m'selo lililonse muli akupha ndiponso muli woletsa akuphawo, ndipo moyo wa selo umadalira amene wakula mphamvu pa nthawiyo. Amuna atatuwa, Brenner, Sulston ndi Horvitz, analandira mphotho ya Nobel mu 2002.

Wina angafunse kuti, nanga nyongolotsi ikutikhudza bwanji ife anthu? Ikutikhudza cifukwa majini amenewa ifenso tili nao. Madokotala a khansa anali atapeza kale jini ina mwa odwala khansa ya m'matsagwidi, kapena kuti mwanabere, imene anaicha BCL-2. Poyamba onse ankaganiza kuti jini yoyambitsa khansa iyenera kukhala yofulumizitsa maselo kuberekana. Mu 1988 David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams ku Melbourne anaonetsa kuti BCL-2 sicita zimenezo. Iyo imangoletsa selo kufa. Pambuyo pake jini ya munthu imeneyi anaiika m'kanyongolotsi kaja, ndipo inagwira nchito yofanana ndi ya ced-9. Jini ya ced-3 nayo inapezeka kuti ndi m'bale wa gulu la mapuloteni athu ochedwa caspase, amene ali ngati timipeni toduladula selo kucokera m'kati.

Pamenepa m'pamene maganizo a madokotala pa khansa anasinthira. Khansa si maselo oberekana mofulumira cabe. Ndi maselonso amene anayenera kufa koma akana.

Pa majini onsewa, imene ndifuna muikumbukire ndi imodzi, imene imapanga puloteni yochedwa p53. Inapezeka mu 1979. Nchito yake tingaiyerekeze ndi ya kapaso wa mfumu amene amayendera mudzi. Tsiku lililonse ulusi wa DNA umabvulala, ndi dzuwa, ndi utsi wa fodya, ndi ciphe ca m'zakudya, ndiponso ndi zolakwika zimene zimacitika pamene selo likukopera malembo ake kuti ligawikane. DNA ikabvulala, p53 imacuruka m'selo ndi kuliimitsa kuti lisagawikane kufikira pabvulalapo patakonzedwa. Ngati pakonzeka, selo limapitiriza nchito. Ngati kuonongekako ndi kwakukulu, p53 imadzutsa majini ena, monga PUMA ndi BAX. Mapuloteni a majini amenewa amagonjetsa BCL-2 ndi kuboola timatumba ta m'selo tochedwa mitochondria, timene timapanga mphamvu. M'timatumbamo mumatuluka puloteni yochedwa cytochrome c, imene ikatayikira kunja imadzutsa timipeni tija ta caspase. Zikafika apo palibenso kubwerera, m'maola ocepa selo latha.

Mlimi wa thonje kapena wa fodya akuidziwa nzeru imeneyi. Mbeu imodzi ikagwidwa ndi matenda osacizika, saiyang'anira cifundo, amaizula kuti munda upulumuke. Tsono taganizirani munda umene mulibe wozula. Selo lobvulala limagawikana, ana ake amatengera cilemaco ndi kuonjezerapo zina, adzukulu ake cimodzimodzi, ndipo patapita zaka 10 kapena 20 pabuka cotupa. Pafupifupi theka la khansa zonse za anthu zimapezeka ndi jini ya p53 yoonongeka. Palibe jini ina imene imapezeka yoonongeka kawirikawiri cotere m'khansa.

Za njobvu zathu za ku Luangwa ndinenepo mwacidule, cifukwa zimandisangalatsa. Njobvu ili ndi maselo ocuruka kwambiri kuposa munthu ndipo imakhala zaka 60 kapena kuposa, conco tikanayembekeza kuti khansa iziigwira kwambiri. Koma siitero. Mu 2015 kunalengezedwa kuti pamene munthu ali ndi jini imodzi ya p53, mbali ina yocokera kwa atate ndi ina kwa amai, njobvu ya mu Africa ili ndi makope pafupifupi 20, ndipo maselo ake akabvulala amadzipha msanga kuposa athu. Njobvu ili ndi akapaso ambiri. Ife tili ndi mmodzi yekha, ndiye cifukwa cake sitiyenera kumuseweretsa.

TAFIKA KU NKHOKWE

Nshawa ndi cimanga zikakhala pa cinyontho ndi kutentha, zimamera cuku, nkhungu ija yobiriwira monkera ku cikasu. Mtundu wina wa cuku, wochedwa Aspergillus flavus, umatulutsa ciphe cochedwa aflatoxin. Dziko linadziwa za ciphe cimeneci mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zocokera ku Brazil. Cikakhala coculuka cimapha msanga. Mu 2004 anthu 125 anafa kum'mawa kwa Kenya atadya cimanga cotere. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anali atafa, ndipo ufa wa zigayo zina utapimidwa unapezeka ndi aflatoxin wopitirira muyeso. Anthu anacita mantha kwa masabata angapo, kenaka nkhani inazirala.

Ine cimene cimandidetsa nkhawa si imfa yamsanga yotereyi, popeza imamveka pa wailesi ndipo boma limacitapo kanthu. Cimandidetsa nkhawa ndi ciphe capang'onopang'ono, ca tsiku ndi tsiku, cimene sicidwalitsa munthu lero kapena mawa. Akulu anati cakudza sicimba ng'oma. Aflatoxin akalowa m'thupi amapita ku ciwindi, cifukwa ciwindi ndico cimasefa zonse zimene tadya. Poyesa kumusungunula, ciwindi cimamusandutsa cinthu cina cakuthwa kwambiri, cimene cimakamatirira pa lembo G la DNA. Selo likamakopera malembo ake, pamalo pomwe panali G limalembapo T.

Mu 1991 magulu awiri a akatswiri anapima zotupa za khansa ya ciwindi, lina kucokera ku Qidong ku China ndi lina kucokera kuno kum'mwera kwa Africa, madera onse awiri odziwika ndi cuku m'zakudya. Onse anapeza cinthu cimodzi. M'zotupa zambiri jini ya p53 inali yoonongeka pa malo amodzimodzi. Puloteni ya p53 ili ngati mkanda wa timikanda 393, ndipo pa kamkanda ka nambala 249, pamene malangizo amayenera kuwerengeka AGG, panali AGT. Lembo limodzi lokha. Koma kamkanda kameneka kali pa mbali imene p53 imagwirira DNA, conco ikasintha singathenso kudzutsa majini a imfa aja. Kapaso alipo koma manja ake ndi omangidwa. Kuonongeka kwa pa 249 sikupezekapezeka mwa odwala khansa ya ciwindi a ku Ulaya ndi ku America, kumene zakudya zimapimidwa cuku. Akatswiri amakutenga ngati cidindo ca aflatoxin.

Pali mnzake wa aflatoxin amene amakulitsa bvutoli, ndiye kacirombo ka hepatitis B, kamene ambiri a ife tinakatenga tili ana ndipo tikukhala nako osadziwa. Kamakhala m'ciwindi kwa zaka zambiri, kupha maselo pang'onopang'ono, ndipo ciwindi cimakakamizika kupanga atsopano kosalekeza. Kugawikana kukacuruka, mpata wa zolakwika umacurukanso. Kafukufuku wa amuna a ku Shanghai, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1992 ndi 1994, anaonetsa kuti aflatoxin payekha amaonjezera ngozi ya khansa ya ciwindi pafupifupi katatu, hepatitis B payekha pafupifupi kasanu ndi kawiri, koma ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi ngoziyo imakwera pafupifupi ka 60.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Sikuti aliyense wodya nshawa ya cuku adzadwala khansa. Khansa imafuna kuti majini angapo aonongeke m'selo limodzi, ndipo zimenezi zimatenga zaka. Ambiri amakalamba osaiona. Koma amene imawagwira, ife a m'zipatala timawadziwa maonekedwe ao. Kawirikawiri ndi mwamuna wa zaka za m'ma 30 kapena 40, mwini banja, wolima. Amabwera ndi ululu pansi pa nthiti za kumanja, mimba yotupa, thupi litatha, nthawi zina maso acikasu. Ukaika dzanja pa mimba umamva ciwindi colimba ngati mwala, ca mabampu. Pofika pamenepo cimene tingacite ndi kucepetsa ululu basi, ndipo nthawi yotsala imawerengedwa m'miyezi. Ku Ulaya nthenda imeneyi imagwira kwambiri okalamba. Kuno imatenga anthu amene ana ao akali ku pulaimale. Abale kumudzi amayamba kulozana zala, kuti wamudyetsa ndani. Anadyadi cinthu, inde, koma anacidya kwa zaka 30 m'mbale ya pa nyumba pake.

Dandaulo langa tsono ndi ili. Tikakolola nshawa timasankha. Zonenepa, zosalala, zokongola, monga Chalimbana imene inachukitsa cigawo cino, zimapita m'thumba la ku msika, cifukwa wogula amayang'ana ndipo amacotsa mtengo akaona zoipa. Maiko a ku Ulaya amakana nshawa zodyedwa zimene aflatoxin wake wapitirira magawo 4 pa biliyoni. Nanga zonyala, zosweka, zakuda, zoboola tizirombo zimapita kuti? Sizitayidwa ai. Zimasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo, zimalowa m'phala la mwana, zimapangidwa ciponde, cifukwa zikasinjidwa palibe amene angaone kuipa kwake. Koma aflatoxin amaunjikana m'nshawa zomwezo. Mwa kusankha kwathu, tacotsa ciphe m'thumba la mlendo ndi kuciika m'mbale ya ana athu. Ndipo ife a zaumoyo timaimirira ku sikelo ya ana kulangiza amai kuti aziika nsinjiro m'phala, langizo labwino ndithu, koma ndi angati a ife amene timaonjezera kunena kuti zikhale nshawa zotani?

Cimanga ndi cimodzimodzi. Coola amacipatula ndi kucipititsa ku mowa wa masese, kapena kupatsa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe. Ng'ombe ikadya aflatoxin, wina amatulukira mu mkaka. Mai woyamwitsanso akadya, wina amafika kwa khanda kudzera m'bere. Izi sizitanthauza kuti mai aleke kuyamwitsa, kutalitali, mkaka wa m'mawere ndiwo cakudya cotetezeka koposa cimene mwana angapeze. Zitanthauza kuti mbale ya mai woyamwitsa si dzala lotayirako zotsala.

Ena amati moto umapha zonse. Moto umapha cuku, koma ciphe cimene cuku anasiya sicitha ndi kuphika nsima kapena kuwiritsa phala. Kukazinga kumacepetsako cabe. Ena amati akalawa nshawa yowawa amalabvula. Ndi bwino kutero, koma nshawa ingakhale ndi aflatoxin popanda kuwawa konse.

Ndikudziwa yankho limene ndidzalandira, ndipo ndi yankho la nzeru: a dokotala, inu muli pa malipiro, ife caka ca njala titaye bwanji cakudya? Sindingauze mai wa ana asanu m'mwezi wa Febuluwale kuti ataye theka la nkhokwe. Koma zambiri zimene zimabweretsa cuku sizifuna ndalama kuti zisinthe. Kusiya nshawa m'munda zitakhwima kale kufikira zigwidwe ndi ciswe. Kuyanika pa dothi m'malo mwa pa mphasa kapena pa thandala. Kuika m'matumba zisanaume bwino, pamene nshawa youma imalira ukagwedeza khoko lake. Kusanjika matumba pansi ndi kuwatsamiritsa ku cipupa. Coipa koposa ndi cizolowezi cowaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, ndi ca amalonda ena amene amanyowetsa nshawa kuti zilemere pa sikelo. Uku ndi kuitana cuku ndi manja awiri. Ndipo nshawa zoipitsitsa, zimene pa cidebe conse sizidzaza ndi mbale yomwe, zimenezo zikwiriridwe pansi. Banja silingafe ndi njala cifukwa ca mbale imodziyo.

Kwa hepatitis B tili ndi katemera. Kuyambira mu 2005 ali m'jekeseni wa matenda asanu amene ana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Mwana amene wamaliza majekeseni atatuwa wacotseredwa mmodzi wa adani awiri aja. Akuluakulu amene tinabadwa katemerayu asanabwere tingapimitse magazi, ndipo amene apezeka nako kacirombo ayenera kusamala za cuku ndi mowa kuposa wina aliyense.

SI CUKU YEKHA

Pali mdani wina wa p53 amene amai a m'dziko lino akumudziwa ndi maliro. Zambia ili pakati pa maiko amene khansa ya khomo la cibaliro ndi yocuruka kwambiri pa dziko lonse. Imayamba ndi kacirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Harald zur Hausen wa ku Germany anapeza mitundu yake iwiri yoopsa, HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, ndipo iwiriyi imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Kacenjera kake ndi kosiyana ndi ka aflatoxin. Sikasintha lembo lililonse pa jini ya p53. Kamapanga puloteni yakeyake yochedwa E6, imene imagwira p53 ndi kuipereka ku cigayo ca m'selo kuti iphwanyidwe, monga mmene akatswiri anaonetsera mu 1990. Kacirombo kamacita izi kuti selo limene kalowamo lisadziphe kasanaberekane. Mwa amai ambiri thupi limakacotsa lokha. Mwa ena kamakhalitsa, makamaka amene ali ndi HIV, amene ngozi yao ndi yokwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi.

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti atsikana amulandire ali ndi zaka 9 kufika 14, asanakumane ndi kacirombo. Makolo amene amabisa ana ao tsiku la katemera, poopa mphekesera yakuti amatseka mimba, adziwe kuti m'jekesenimo mulibe coletsa kubala, ndipo cimene cimalanda mai cibaliro ndi khansa yomweyo. Kwa amai akuluakulu, kupima khomo la cibaliro kunayamba ku Lusaka mu 2006 ndipo kunafalikira m'zigawo. Pakati pa kulowa kwa kacirombo ndi khansa yeniyeni pamapita zaka 10 kapena kuposa, ndipo m'nyengo imeneyi kacigamba ka maselo okana kufa kangaumitsidwe kapena kutenthedwa pa mphindi zocepa, mai ndi kubwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Wina anganene kuti, popeza akatswiri adziwa zonsezi, bwanji osangopanga mankhwala okakamiza selo kufa? Akuyesa, ndipo pena apambana. Mu 2016 ku America anabvomereza mankhwala ochedwa venetoclax, amene amatsekereza BCL-2 ndipo amathandiza pa mitundu ina ya khansa ya m'magazi. Koma ndi odula kwambiri, ndipo sacita kanthu pa khansa ya ciwindi. Mankhwala okonza p53 yoonongeka sanafikebe m'zipatala zathu. Ngakhale mankhwala a m'diripu ndi makina owoca amene ali ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007, mbali yaikulu ya nchito yao ndi kubvulaza DNA ya selo la khansa kwambiri kotero kuti lidziphe lokha. Ndiye cifukwa cake tsitsi limathothoka ndi m'kamwa mumacita zironda: maselo a tsitsi ndi a m'kamwa amagawikana msanga, amabvulala nao, ndipo popeza p53 yao ndi yamoyo, amamvera lamulo. Tsitsi limameranso, conco wodwala asathawe mankhwala cifukwa ca cimeneci. Koma cotupa cimene cinataya kale njira zake za imfa nthawi zambiri cimalimbana ndi mankhwalawa, ndipo khansa ya ciwindi ili m'gulu la zosamva kwambiri.

Cenjeraninso ndi ogulitsa mabotolo m'misika ndi pa WhatsApp amene amati mankhwala ao anapimidwa ndipo amapha maselo a khansa. M'mbale ya mu labotale ngakhale sopo amapha maselo a khansa. Bvuto ndi kupha oipa okha ndi kusiya abwino, cifukwa imfa ya maselo ikapitirira muyeso ndi matendanso. Mwa munthu wa HIV wosamwa ma ARV, maselo a CD4 amafa ocuruka, ndipo ambiri mwa iwo amadzipha okha kacirombo kasanaberekane n'komwe m'kati mwao. Munthu akacita sitiroko, maselo a ubongo ozungulira pamene magazi aleka kufika amapitiriza kufa kwa maola ndi masiku. Thupi limafuna muyeso, ndipo botolo la pa msika silidziwa muyeso.

Ndipempha anzanga a ku sikelo ya ana, a zaumoyo a m'midzi ndi alangizi a zaulimi kuti tiyambe kulankhula cinthu cimodzi. Pakali pano cuku timamutenga ngati nkhani ya malonda, yokhudza mtengo wa thumba, ndipo mlangizi wa zaulimi amaikamba kwa abambo pa msonkhano wa kopaletivu. Koma amene amasankha nshawa pa lichero ndi kuganiza zopita ku mtondo ndi amai ndi agogo, ndipo iwowa timakumana nao ife mwezi uliwonse pa tsiku la sikelo. Pa cionetsero cophika phala la ana, mphasa ikhale ndi milu iwiri ya nshawa, wabwino ndi woipa, mai aliyense agwire ndi kuona kusiyana kwake asanayambe kusinja. Mafumu ndi anyakwawa, amene amatha kuletsa kutentha chire ndi kulipiritsa mbuzi, angathenso kuletsa kunyowetsa nshawa pa misika ya m'madera ao. Nyengo yokumba nshawa imayamba mu Epulo ndi Meyi, ndipo uthengawu uyenera kufika m'midzi makasu asanalowe m'munda.